Kujambula zomera zodya tizilombo ndi foni: madontho a Drosera sakuoneka bwino

Nachisale analemba kuti:

Moni nonse amene mumawerenga pano. Ndimasamala zomera zodya tizilombo zamitundu itatu m'miphika, zomwe ndi Drosera capensis, Dionaea muscipula imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Venus flytrap, ndiponso Nepenthes imodzi imene yangoyamba kumene kutulutsa mitsuko yake yokolera tizilombo. Ndimajambula ndi foni ya Android imene ili ndi makamera atatu kumbuyo, ndipo imodzi mwa makamerawo ndi ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono chapafupi kwambiri.

Vuto langa lili pawiri. Loyamba ndi la Drosera. Ndikaiyang'ana ndi maso m'mawa, tsamba lililonse limakhala ndi tiubweya tofiira, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kumakhala dontho lowala, koma ndikajambula chapafupi madonthowo amangosakanikirana n'kukhala chimbuuzi, pamene dothi la mumphika kapena khoma lakumbuyo ndi limene limaoneka bwinobwino. Ndikasinthira ku kamera ya macro, chithunzi chimatuluka chakuda ndiponso chosaonetsa tinthu ting'onoting'ono timene ndikufuna. Vuto lachiwiri ndi la mtundu. Mkati mwa msampha wa Dionaea ndi mofiira mosiyanasiyana, pena kwambiri pena pang'ono, koma pa chithunzi mumangooneka mofiira mofanana ponseponse, ndipo kukonza mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Snapseed sikukuthandiza.

Kodi vuto lili pa foni, moti ndikufunika kugula lenzi yopanira pa kamera, kapena pali njira yojambulira imene ingathetse zimenezi ndi foni yomweyi? Nanga pokonza chithunzi, ndi zinthu ziti zoyenera kusintha ndipo ndi ziti zoyenera kuzisiya mmene zilili?

Mvula analemba kuti:

A Nachisale, musathamangire kugula chilichonse, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti foni yanu ikungochita zimene lenzi iliyonse imachita ikayandikitsidwa mopitirira muyeso. Kamera yaikulu ya foni ili ndi malire a mtunda umene imatha kuonera chinthu bwino, ndipo pa mafoni ambiri malirewo amakhala pafupifupi masentimita 10, pena kuposerapo ngati foniyo ili ndi sensa yaikulu. Mukayandikira kuposa pamenepo, foni imalephera kugwira tsamba, ndiye imakagwira chinthu chotsatira chimene ingathe, chomwe ndi dothi kapena khoma mwatchulalo. Choncho bwererani m'mbuyo pang'ono mpaka madontho ayambe kuoneka paokhapaokha, jambulani muli pamenepo, kenako mudule chithunzicho pokonza.

Ena amaopa kudula chithunzi poganiza kuti akutaya zambiri, koma tiyeni tiwerengere. Chithunzi cha mamegapikiseli 12 chimakhala ndi mapikiseli pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mukadula theka la mbali iliyonse mumatsala ndi 2000 m'litali ndi 1500 m'lifupi, omwe ndi mamegapikiseli 3. Kamera ya macro imene imaikidwa pa mafoni ambiri a Android imakhala ya mamegapikiseli 2 okha, sensa yake ndi yaing'ono kwambiri, ndipo kawirikawiri fokasi yake, yomwe ndi mtunda umene lenzi imaonera chinthu bwino, ndi yosasuntha, imangogwira pa mtunda wa masentimita pafupifupi 4. Ndiye mukuona kuti chithunzi chodulidwa cha kamera yaikulu chimaposabe cha kamera ya macro imeneyo, ndipo n'chifukwa chake ine ndimaiona ngati kamera yongochulukitsira chiwerengero kumbuyo kwa foni. Nkhani imasintha pa mafoni amene amajambula macro ndi kamera yotambalala yokhala ndi fokasi yosuntha, monga mmene Apple inayambira kuchitira pa iPhone 13 Pro mu 2021, imene imatha kuona chinthu pa masentimita 2. Ngakhale pamenepo pali chovuta chake, chifukwa munthu akayandikira chonchi foniyo imaphimba kuwala, ndipo kamera yotambalala imalowetsa zinthu zambiri zakumbuyo zimene zimasokoneza chithunzi.

Chimene chimavuta kwambiri kuposa mtunda ndi kuchepa kwa danga limene limaoneka bwino. Pojambula chapafupi, danga limeneli limangokhala mamilimita ochepa kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo popeza chibowo cholowetsa kuwala pa mafoni ambiri n'chosasinthika, simungachichepetse kuti dangalo likule monga amachitira a makamera aakulu. Chimene mungachite ndi kusankha mbali yojambulira. Tsamba la Drosera capensis ndi lalitali komanso lopyapyala, moti mukalijambula kuchokera kunsonga, madontho awiri kapena atatu okha ndi amene adzaoneke bwino. Koma mukaimika foni moyang'anizana ndi tsambalo, kuti utali wake wonse ukhale pa mtunda wofanana kuchokera pa lenzi, mzere wonse wa madontho a m'mphepete umagwera m'danga lija. Mukatero, kanikizani chala pa sikirini kwa kanthawi mpaka fokasi itatsekeka, ndipo m'malo moisiya foni kuti izisaka yokha, muziisuntha yonse pang'onopang'ono kutsogolo kapena kumbuyo mukuyang'ana dontho limodzi limene mwasankha. Pulogalamu ya Open Camera imalola kuyendetsa fokasi pamanja ngati foni yanu ikuloleza zimenezo.

Zonsezi sizingathandize ngati foni ikugwedezeka. Pa mtunda waufupi chonchi, kupuma kokha kumasuntha manja mamilimita okwanira kuwononga chithunzi. Ikani foni pa choimikira cha miyendo itatu kapena muitsamize pa chinthu cholimba, tcherani kuti ijambule patapita masekondi 3 mutadina, ndipo mphika muuike pamalo opanda mphepo. Njira ya Portrait ipeweni, chifukwa chimbuuzi chake chakumbuyo n'chopangidwa ndi pulogalamu imene imachita kuganizira malire a chinthu, ndipo pa tiubweya tambirimbiri ta Drosera imadula tina n'kusiya tina.

Kamwendo analemba kuti:

Ndikugwirizana ndi a Mvula pa nkhani ya mtunda, koma ndikuona kuti ngakhale fokasi itakhala bwino, a Nachisale sakhutira ngati kuwala kukuchokera mbali yolakwika. Madontho a Drosera si mame, ndi ulimbo umene chomeracho chimatulutsa chokha kuti chikole tizilombo, ndipo ulimbowu ndi woonekera mkati ngati galasi. Chinthu choonekera mkati sichiwala chikaunikiridwa kuchokera kutsogolo, chifukwa kuwala kumangodutsa n'kukagwera pa zimene zili kumbuyo. Chimawala kuwala kukachokera kumbuyo kwake kapena chammbali. Choncho dzuwa likhale kutsogolo kwanu, chomera chikhale pakati pa inu ndi dzuwalo, koma dzuwa lenilenilo lisalowe m'chithunzi. M'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili m'munsi, ndi pamene zimenezi zimatheka mosavuta, ndipo m'mawa ulimbo umakhalanso wochuluka chifukwa kutentha ndi mphepo zimakhala zisanauumitse.

Kumbuyo kwa chomera kukhale kwakuda. Sipafunika kugula nsalu yapadera, chifukwa malo amthunzi amene ali patali pang'ono amakwanira, ndipo akatalikira kwambiri ndi pamene amasungunuka bwino m'chithunzi. Koma dziwani kuti foni ikaona mdima wambiri imawonjezera kuwala yokha, zimene zimachititsa kuti madontho ayere mbee n'kutaya maonekedwe awo. Mukatseka fokasi, tsitsani kuwala ndi chala mpaka mkati mwa dontho muyambe kuoneka zinthu. Mukayang'anitsitsa muona kuti dontho lililonse limagwira ntchito ngati lenzi, ndipo limaonetsa zimene zili kumbuyo kwake mozondoka, moti mukaika duwa lowala masentimita angapo kumbuyo kwa tsamba, duwalo limaoneka m'dontho lililonse. Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kuwaza madzi pa masamba pofuna kuchulukitsa madontho. Madziwo amatsuka ulimbo, ndipo ngati ndi apampopi amakhala ndi mchere umene zomerazi sizipirira, chifukwa zinazolowera dothi losauka ndipo zimafuna madzi amvula kapena otchezedwa (distilled).

Nepenthes imafuna zosiyana ndi zimenezi. Mlomo wa mtsuko wake ndi wamizeremizere komanso wonyezimira, makamaka ukanyowa, pamene tizilombo timatererapo n'kugwera mkati, ndipo dzuwa likauwomba mwachindunji limasiya timawanga toyera tothobwa m'maso timene simungatichotse pokonza. Mtsuko umaoneka bwino kunja kukachita mitambo, kapena mukaika pepala loyera lopyapyala pakati pa dzuwa ndi chomera kuti kuwala kufewe. Pepala lina loyera mukaliika mbali yamthunzi limabwezera kuwala kunsi kwa chivundikiro, kumene kumakhala timabowo totulutsa timadzi totsekemera. Galasi la polarizer lopanira pa foni limachepetsa kunyezimira kwa mlomo wa Nepenthes, koma pa Drosera musaliike, chifukwa lingachepetse kuwala kumene mukukufunako. Amene ali ndi Sarracenia leucophylla kapena Darlingtonia californica abwererenso ku kuwala kochokera kumbuyo, popeza mitsuko ya zomera zimenezi ili ndi mbali zopyapyala zimene zimalowetsa kuwala, ndipo mitsempha yake imaoneka bwino dzuwa likadutsa mkati.

Fulashi ya foni siithandiza pa ntchito imeneyi. Ili pafupi kwambiri ndi lenzi, kuwala kwake n'kwaukali, ndipo pa mtunda waufupi imaunikira mbali imodzi yokha ya chithunzi. Ngati mumakulitsira zomera pansi pa magetsi a LED ofiirira, azimitseni pojambula kapena mutulutse mphika, chifukwa magetsi amenewa alibe mitundu yonse ya kuwala ndipo zobiriwira zimene sizinajambulidwe simungazibwezeretse pambuyo pake.

Pa lenzi yopanira ndikusiyana pang'ono ndi a Mvula. Pa tsamba lonse la Drosera siifunika, koma munthu akafuna kuonetsa kaubweya kamodzi ka mkati mwa msampha wa Dionaea, kapena timadontho tating'ono kwambiri ta pa tsamba la Pinguicula, chomera chinanso chodya tizilombo, kudula chithunzi sikukwanira. Muyenera kungodziwa kuti lenziyi imachepetsanso danga looneka bwino lija, m'mphepete mwa chithunzi mumakhala chimbuuzi, ndipo imafuna kuti muyandikire masentimita ochepa chabe, moti n'zosavuta kugunda tsamba n'kumata ulimbo pa galasi.

Nachisale analemba kuti:

Zikomo kwambiri a Mvula ndi a Kamwendo. Ndatembenuza mphika kuti dzuwa lizichokera kumbuyo, ndabwerera m'mbuyo pang'ono ndi foni monga mwanenera, ndipo madontho ayamba kuoneka paokhapaokha. Chatsala ndi kufiira kwa msampha wa Dionaea, kumene kukuonekabe kofanana ponseponse. Ndilinso ndi funso lina. Ndikufuna chithunzi cha msampha ukutsekeka, ndiye ndimaganiza zougwira ndi kamtengo kakang'ono ndikujambula. Kodi zimenezi zingavulaze chomeracho?

Nambewe analemba kuti:

Za msampha ayankha ena, ine ndikambe za kufiirako, chifukwa vuto limeneli limayambira pojambula, osati pokonza. Kamera imalemba kuwala m'magawo atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo gawo lililonse lili ndi malire ake. Pa chithunzi wamba cha JPEG malirewo ndi 255. Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo ikaona kuti n'kwapakatikati imakhutira, osazindikira kuti gawo lofiira lokha lafika kale pa malire. Zikatero, malo onse ofiira kwambiri amalembedwa ndi nambala yofanana, ndipo kusiyana kumene mumaona ndi maso kumatayika. Chimene chatayika chonchi palibe pulogalamu imene ingachibwezeretse. Choncho pojambula chinthu chofiira tsitsani kuwala mpaka chithunzi chioneke chakuda pang'ono kuposa mmene mungafunire, chifukwa kuwalitsa malo amdima pambuyo pake n'kotheka, pamene kubwezeretsa malo opserera n'kosatheka.

Ngati foni yanu imalola kujambula RAW, imene pa Android imasungidwa ngati fayilo ya DNG, igwiritseni ntchito pa zomera zofiira. Fayilo imeneyi imasunga magawo ambiri a kuwala, ndipo imakhala isanadutse m'makonzedwe amene foni imachita yokha, omwe kawirikawiri amawonjezera mtundu ndi kukhwimitsa m'mphepete mwa zinthu. Apple inayamba kupereka mtundu wake wa RAW wotchedwa ProRAW pa iPhone 12 Pro kumapeto kwa 2020. Musadabwe kuona chithunzi cha RAW chikuoneka chozimirira mukangochitsegula, ndi mmene chimakhalira chisanakonzedwe. Mapulogalamu a Snapseed ndi Lightroom onse amatsegula DNG.

Pokonza, ine ndimayamba ndi kudula, kenako kuwongola White Balance, imene imachititsa kuti choyera chioneke choyeradi. Masamba obiriwira ambiri amasokoneza foni, moti imakokera chithunzi ku pepo kapena ku buluu, ndipo njira yodalirika ndi kujambula kapepala koyera pambali pa chomera pa kuwala komweko, n'kugwiritsa ntchito kapepalako ngati muyeso. Ndikatero ndimatsitsa Highlights, yomwe ndi malo owala kwambiri, kuti mkati mwa madontho muoneke, n'kukweza Shadows pang'ono chabe. Mukakweza kwambiri, malo amdima amadzaza timadontho tosafunika, ndipo mdima wakumbuyo umene a Kamwendo atchula uja umatuwa. Mtundu ndimausiya kumapeto. Saturation ya chithunzi chonse, imene imakoleza mitundu, musaikweze, chifukwa ndi imene ikuipitsa zinthu kwa inu. Mu Lightroom muli Color Mix, imene imalola kusankha mtundu wofiira wokha, ndipo mukatsitsa pang'ono Saturation ndi Luminance (kuwala) ya mtundu umenewu, timadontho ta pakhoma la msampha timene timatulutsa madzi ogayira timayamba kuoneka. Mu Snapseed zofanana ndi zimenezi mungazichite ndi Selective, poika kadontho pa msampha n'kusintha malo okhawo.

Chenjerani ndi Structure mu Snapseed komanso Clarity mu Lightroom, zimene zimakhwimitsa maonekedwe a zinthu. Pa mlomo wa Nepenthes zimathandiza ngati mwaika pang'ono, koma pa Drosera zimazunguliza dontho lililonse mkombero woyera umene munthu wozolowera amauzindikira nthawi yomweyo. Ndipo kukhwimitsa sikuchiza chithunzi chimene fokasi yake inaphonya.

Pali chifukwa china chimene ndimaumirira pa kusawonjezera mtundu. Kufiira kwa zomerazi kumachokera ku utoto wachilengedwe wotchedwa anthocyanin, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mtundu wa chomera ndi kuwala kumene chikulandira. Munthu wodziwa akaona chithunzi cha Dionaea yobiriwira mkati amatha kukuuzani kuti mwina ikusowa dzuwa, ndipo wofuna kudziwa dzina la Nepenthes amayang'ana mtundu wa mlomo ndi mawanga a pa mtsuko. Chithunzi chokometseredwa kwambiri chimasocheretsa anthu onsewa. Kuchotsa kachitsotso ka pa lenzi ndi Healing sindikuona vuto, koma kuwonjezera madontho amene panalibe ndimakuona ngati kunama.

Amene akufuna kuti msampha wonse uoneke bwino kuyambira mano akutsogolo mpaka akumbuyo angajambule zithunzi zingapo foni ili chiimire, fokasi ikusunthidwa pang'onopang'ono, kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta ndi pulogalamu ya Helicon Focus kapena ya Zerene Stacker. Njirayi imayenda bwino pa Dionaea ndi Nepenthes, koma pa Drosera ndi yovuta, chifukwa tiubweya timapiringizana ndipo pulogalamu imasokonezeka pamene kena kadutsa kutsogolo kwa kanzake. Pomaliza, WhatsApp imafinya zithunzi, choncho potumiza kwa munthu amene akufuna kuona tinthu ting'onoting'ono, tumizani ngati Document.

Mvula analemba kuti:

A Nachisale, kugwira msampha kamodzi sikupha chomera, koma musakuchite chizolowezi. Mbali iliyonse ya msampha imakhala ndi tiubweya, kawirikawiri titatu, ndipo msampha umatsekeka tiubweyato tikagwidwa kawiri mkati mwa masekondi pafupifupi 20. Msampha uliwonse umatha kutsekeka maulendo owerengeka chabe, kenako umaleka kugwira ntchito. Ukatsekeka popanda kanthu umatseguka pakapita tsiku limodzi kapena awiri, chomera chitataya mphamvu popanda kupezapo chakudya. Ndi bwino kujambula pa nthawi imene mukuchidyetsa kachilombo kamoyo, chifukwa kachilomboko kakapitiriza kugwedezeka mkati ndi pamene msampha umamatika kwathunthu n'kuyamba kugaya, ntchito imene imatenga sabata imodzi kapena kupitirirapo.

Chala chanu sichingapikisane ndi msampha umenewu, chifukwa pa chomera chathanzi, kunja kukutentha, umatsekeka m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Gwiritsani ntchito Slow Motion. Foni ikamajambula zithunzi 240 pa sekondi, kutsekekako kumakupatsani zithunzi pafupifupi 24, ndipo mungasankhepo chimodzi n'kuchisunga pachokha. Njirayi imafuna kuwala kochuluka, makamaka kwa dzuwa, chifukwa magetsi ambiri amaphethira mofulumira moti maso saona koma kamera imaona. Drosera ndi yosiyana kotheratu. Charles Darwin, amene anasindikiza buku lonena za zomera zodya tizilombo mu 1875, anathera nthawi yaitali akuyang'ana mmene tiubweya ta Drosera rotundifolia timapindikira pang'onopang'ono, ndipo tsamba la Drosera capensis limatenga maola kuti likulunge kachilombo. Pamenepo pamafunika Time-lapse, njira yoonetsa mofulumira zinthu zochitika pang'onopang'ono, foni ili pa choimikira, yolumikizidwa ku chaja, ndiponso kuwala kutatsekeredwa kuti kusamasinthesinthe mitambo ikamadutsa.

Kamwendo analemba kuti:

Ndiwonjezerepo kanthu kamodzi kwa amene amajambula zomerazi kutchire. Foni imalemba m'chithunzi malo enieni amene chajambulidwira ngati GPS ndi yoyatsa, ndipo anthu okumba zomera mozemba amatha kuwerenga zimenezi pa fayilo imene mwatumiza yathunthu, monga ija ya Document imene a Nambewe atchula. Dionaea imamera yokha m'dera laling'ono lozungulira mzinda wa Wilmington, ku North Carolina ndi South Carolina m'dziko la America, ndipo kuba kunakula moti kuyambira mu Disembala 2014 kuikumba kutchire popanda chilolezo ndi mlandu waukulu ku North Carolina. Nepenthes rajah ya ku Borneo ili pa mndandanda woyamba wa pangano la CITES, umene umaletsa malonda a pakati pa mayiko a zomera zotengedwa kutchire. Choncho zimitsani Location mu pulogalamu ya kamera musanajambule, kapena muchotse malowo pa chithunzi musanachitumize, ndipo polemba kumene mwachipeza mungotchula dera lalikulu. Muziyang'ananso pamene mukuponda ndi pamene mukuimika choimikira, chifukwa m'madambo mmene zomerazi zimamera dothi ndi lofewa, ndipo mbande za Drosera zimakhala zazing'ono kuposa chikhadabo.